Chizindikiro cha Bungwe pa Thumba, pa Lebulo ndi pa Foni: Kodi Fayilo Yoyenera ndi Iti?

Alangizi anzanga a ku Malawi, Zambia, Mozambique ndi Zimbabwe, nkhani ya m'kope lino siikhudza mbewu yatsopano kapena matenda a m'munda. Ikukhudza kanthu kamene ambiri a ife timakayesa ntchito ya mlembi wa mu ofesi: chizindikiro cha bungwe, chija pa Chingerezi amati logo, ndi mtundu wa fayilo imene timachisungiramo m'kompyuta. Ena afunsa kuti munthu wofufuza za mbewu walowerera bwanji nkhani ya osindikiza. Anandilowetsa ndi amayi ena opera chiponde ku Mbare, mu mzinda wa Harare.

Mbare ndi dera lakale kwambiri mwa madera amene atsamunda anapatulira anthu akuda mu mzindawu. Linakhazikitsidwa m'chaka cha 1907 ndipo poyamba linkatchedwa Harari. Makolo athu ambiri amene ankati apita "ku Halale" kukafuna ntchito ankafikira kumeneko, kotero kuti mpaka lero munthu akatchera khutu amamva Chichewa pakati pa Chishona, makamaka kwa achikulire. Malamulo aakulu a dziko la Zimbabwe a m'chaka cha 2013 amatchula Chichewa pakati pa ziyankhulo 16 zovomerezeka. Ku Mbare komweko ndiye kuli Mbare Musika, msika waukulu wa zokolola, kumene alimi a ku Mutoko, Murewa ndi Domboshava amafika mbandakucha ndi tomato, anyezi ndi ndiwo zamasamba. Akagulitsa, ambiri amabwerera kwawo atagula mbewu ndi mankhwala a m'munda.

Mlimi amawerenga chithunzi

Mukaima pafupi ndi sitolo ya zipangizo za ulimi nkumvetsera, mudzaona kuti alimi ochepa okha ndi amene amatchula nambala ya mbewu. Kampani ya Seed Co inazindikira zimenezi kalekale, ndipo inapatsa chimanga chake zithunzi za nyama molingana ndi kutalika kwa nthawi yokhwima. Chocha msanga chili ndi nyani, chotsatira chili ndi mbidzi, kenaka mkango, ndipo chochedwa kucha chili ndi njovu. Ku Zimbabwe amati Tsoko, Mbizi, Shumba ndi Nzou. Ku Malawi amati Kanyani, Mbidzi, Mkango ndi Njobvu. Mawu amasintha mukaoloka malire, koma nyama ya pa thumba ndi yomweyo. Maina a mbewu zotuluka m'malo a kafukufuku nawo amasintha: mtedza umene ku Malawi timautcha CG 7, anzathu a ku Chipata amaudziwa ndi dzina lakuti MGV 4.

Mitundu ya utoto nayonso imalankhula. Pa mankhwala ophera tizilombo a ku Zimbabwe pamakhala kachizindikiro ka ngodya zitatu: kobiriwira pa mankhwala a poizoni wochepa, kachikasu chopsa, kofiira, ndipo kapepo pa mankhwala oopsa koposa. Pa matumba a mbewu yovomerezeka, lebulo yoyera ndi ya mbewu yochulukitsira, yabuluu ndi ya mbewu yovomerezeka ya m'badwo woyamba, ndipo yofiira ndi ya m'badwo wachiwiri. Tsono ngati kapepala kophunzitsira alimi kasindikizidwa mosasamala, kofiira nkuoneka ngati kachikasu chopsa, ndiye kuti taphunzitsa bodza ngakhale mawu onse a pa kapepalako ali oona.

Palinso china chimene chimandidetsa nkhawa koposa. Nyengo ya dzinja ikayandikira, m'maiko athu onse mumamveka za anthu amene amapaka utoto chimanga cha m'nkhokwe nkuchiika m'mapaketi onamizira. Timauza alimi kuti ayang'anitsitse paketi: ngati zilembo zili zosamveka ndipo chithunzi chili chachimbuuzi, akayike. Koma ngati timapepala ndi zikwangwani zathu zomwe zili ndi zizindikiro zachimbuuzi, tikuzoloweretsa maso a mlimi kulandira chinthu chimene tamuuza kuti achikane.

Zimene zinachitikira amayi a chiponde

Gulu la amayi ndanenali ndinkagwira nalo ntchito yosankha mtedza pofuna kuchepetsa poizoni wa chuku. Ena mwa iwo makolo awo anachokera ku Dedza ndi ku Angónia, kotero tinkamvana bwino. Chiponde chawo chitayamba kuyenda malonda anaganiza zosindikizitsa malebulo a pa mabotolo. Chizindikiro anali nacho kale: chikhatho chogwira makoko awiri a mtedza, ndi dzina la gulu mozungulira. Anawajambulira ndi mnyamata wina pa kompyuta, koma mnyamatayo anali atapita ku Joni ndipo nambala yake inali itasiya kupezeka. Chimene chinatsala ndi kachithunzi ka pa gulu lawo la WhatsApp. Wina anajambula sikilini ya foni, nkudula mbali mwake, nkunditumizira. Ine, ndi madigiri anga onse, ndinangokapereka kwa osindikiza osakayang'ana kawiri, popeza pa foni kankaoneka bwino.

Malebulo atabwera, dzina la gulu silinkawerengeka, makoko a mtedza anasanduka zibuluma ziwiri, ndipo chizindikiro chonse chinali m'kabokosi kotuwa pamwamba pa pepala lachikasu. Ndalama zimene amayi anasonkha zinapita. Wosindikiza sanalakwe: anasindikiza chimene tinamupatsa.

Tinapita nacho kwa mdala wina wolemba zikwangwani cha ku Magaba, kumene kuli amisiri osula, owotcherera ndi opala matabwa. Atachiyang'ana anaseka nati, "Mwana wa kwathu, ichi si chithunzi ayi. Uwu ndi mthunzi wa chithunzi." Anatenga pepala ndi rula, nayamba kufunsa amayiwo kuti chala chachikulu chinkathera pati, khoko linkakhota motani, dzina linkayambira mbali iti. Sanakulitse chimene tinabwera nacho. Anafuna kudziwa m'mene chinapangidwira, nachipanganso. Pamenepo, ndi pensulo yokha, anandionetsa kusiyana kwa mabanja awiri a mafayilo a zithunzi.

Timadontho ndi mizere

Banja loyamba ndi la zithunzi za timadontho, zimene akatswiri a kompyuta amazitcha raster. Chithunzi chotere ndi mndandanda wa timabokosi ting'onoting'ono, kalikonse ndi mtundu wake. Chiwerengero chake ndi chokhazikika. Mukachikulitsa, timadontho sitichuluka, timangofufuma. Zili ngati munthu amene ali ndi mbewu yokwana theka la ekala nafuna kudzaza nayo hekitala yonse: angathe kutalikitsa mapando, koma munda udzaoneka mipata yokhayokha.

Masamu ake ndi osavuta. Osindikiza amafuna timadontho 300 pa inchi iliyonse pa chinthu chimene munthu adzachiwerenga ali nacho m'manja. Inchi ndi masentimita 2.54, choncho ndi timadontho pafupifupi 118 pa sentimita. Chizindikiro chimene chidzakhala masentimita 5 m'lifupi chifunika timadontho pafupifupi 590. Cha amayi aja chinali ndi timadontho 240 ndipo tinachitambasula pa masentimita 6, kutanthauza 40 pa sentimita, limodzi mwa magawo atatu a zofunika. Tikadachiika pa chinsalu cha mamita 2 cha tsiku lachionetsero, kadontho kalikonse kakadakula kupitirira mamilimita 8, ngati njere ya chimanga. Nzoona kuti chinsalu choonera patali sichifuna timadontho tambiri ngati lebulo, koma chili ndi malire akenso.

Banja lachiwiri ndi la zithunzi za mizere, zotchedwa vector. Fayilo yotere siisunga timadontho, imasunga malangizo. Nonse mudziwa m'mene timakonzera ngodya yowongoka poyala munda wa kafukufuku ndi zikhomo ndi chingwe: mamita 3 mbali ina, 4 mbali ina, 5 popingasa. Mukafuna munda waukulu mumayesa 30, 40 ndi 50, ndipo ngodya imatuluka yomweyo, yosapotoka. Fayilo ya mizere imalemba pamene pali zikhomo, m'mene chingwe chikhotera pakati pake, ndi utoto wothira m'katimo. Kompyuta imajambula chithunzicho mwatsopano nthawi iliyonse, pa kukula kulikonse. Motero fayilo imodzi imakwanira chidindo cha masentimita 3 ndi chikwangwani cha pa msewu, ndipo kawirikawiri imakhala yopepuka kuposa chithunzi chimodzi cha kamera.

Chizindikiro cha bungwe chiyenera kubadwa ndi kusungidwa ngati chithunzi cha mizere. Kuchokera pamenepo mungathe kutulutsa cha timadontho cha kukula kulikonse m'kamphindi. Njira yobwerera ndiyo yovuta. Alipo mapulogalamu amene amayesa kulondola m'mphepete mwa chithunzi cha timadontho kuti chisanduke cha mizere, koma akapatsidwa chachimbuuzi amalondola ndi chimbuuzi chomwe, ndipo zilembo zimatuluka zopindika. Nthawi zambiri pamafunika munthu wochijambulanso, monga anachitira mdala uja.

JPEG, mdani wodziwika bwino

Mtundu umene umativutitsa kwambiri ndi JPEG, umene dzina la fayilo yake limathera ndi .jpg. Unakhazikitsidwa m'chaka cha 1992 ndipo unapangidwira zithunzi za kamera. Kuti fayilo ichepe, JPEG imagawa chithunzi m'timabwalo ta timadontho 8 m'litali ndi 8 m'lifupi, nkutaya zina zimene diso silingazione msanga. Pa chithunzi cha tsamba la mtedza logwidwa ndi kadukutu, kapena cha mbozi pa chimanga, zotayikazo sizioneka, chifukwa mitundu imalowererana pang'onopang'ono. Pa ntchito imeneyo JPEG ndi yabwino zedi ndipo pitirizani kuigwiritsa ntchito. Koma chizindikiro chili ndi malire akuthwa pakati pa utoto ndi utoto, ndipo ndi pamalire pomwepo pamene JPEG imasiya timawanga tonga nsabwe za m'masamba mozungulira zilembo.

Vuto lachiwiri nlakuti zotayikazo sizibwerera. Kukopera fayilo kuchoka pa kompyuta kupita pa fulashi sikuononga kanthu. Koma mukaitsegula, nkusintha pang'ono, nkuisunganso ngati JPEG, imatayanso zina. Mnzanu akachita chimodzimodzi, zina zimatayikanso. Inu amene mumaletsa alimi kubzala chimanga cha haibulidi chobwereza mukudziwa kale nkhaniyi: m'badwo uliwonse umatsika, ndipo palibe feteleza amene angaubwezere pa mbewu yoyamba.

Vuto lachitatu nlakuti JPEG siidziwa malo opanda kanthu. Kumbuyo kwa chizindikiro kuyenera kukhala utoto wina wake, kawirikawiri woyera. Ndicho chifukwa chake pa mapositala ambiri a misonkhano yathu, zizindikiro za mabungwe othandiza zimakhala m'timabokosi toyera pamwamba pa pepala lobiriwira, ngati zigamba pa malaya.

Pa ntchito za pa sikilini ndi makalata a mu ofesi, gwiritsani ntchito PNG. Mtundu umenewu unatuluka m'chaka cha 1996 kutsatira mkangano. Poyamba anthu ankadalira GIF, imene kampani ya CompuServe inatulutsa m'chaka cha 1987, koma kumapeto kwa 1994 kunalengezedwa kuti opanga mapulogalamu azilipira kampani ya Unisys chifukwa cha njira yochepetsera fayilo imene inali m'kati mwake. Akatswiri ena anasonkhana napanga PNG kuti ikhale yaulere kwa aliyense. PNG imachepetsa fayilo popanda kutaya kadontho nkamodzi komwe, imasunga malire akuthwa, ndipo imalola kumbuyo kukhala koonekera, kotero kuti chizindikiro chimakhala bwino pa pepala la mtundu uliwonse. Komabe kumbukirani kuti PNG ndi ya timadontho. Yaing'ono ndi yaing'ono basi. Ine ndimasunga ziwiri: ya timadontho 600 m'lifupi ya makalata ndi imelo, ndi ya 3,000 ya zinthu zokulirapo.

GIF imangotenga mitundu 256 ndipo masiku ano yatsalira tizithunzi toyenda ta pa foni. TIFF, ya m'chaka cha 1986, ndi yabwino posunga zithunzi zojambulidwa ndi sikana koma ndi yolemera. WebP, imene Google inatulutsa m'chaka cha 2010, mudzakumana nayo mukakopera chithunzi pa intaneti. Musapite nayo kwa osindikiza.

Za m'banja la mizere

SVG inavomerezedwa m'chaka cha 2001 ndi bungwe la W3C, limene limayang'anira malamulo a masamba a intaneti. Ilibe mwini wake woilipiritsa, imatseguka m'pulogalamu iliyonse yoonera intaneti, ndipo Word ndi PowerPoint za zaka zaposachedwa zimailandira. Pulogalamu yaulere ya Inkscape, imene inayamba m'chaka cha 2003, imaijambula ndi kuisintha. Kwa ofesi ya boma kapena gulu la alimi lopanda ndalama zogulira mapulogalamu, ndikuona kuti SVG ndiyo yoyenera kukhala mbewu ya makolo.

Osindikiza ambiri ang'onoang'ono amene ndagwira nawo ntchito ku Harare, Lilongwe ndi Chipata amagwiritsa ntchito CorelDRAW, imene mafayilo ake amathera ndi .cdr, ena ali ndi Adobe Illustrator, ya mafayilo a.ai. Onsewa ndi a mizere ndipo ndi abwino, koma amatseguka bwino m'pulogalamu yawo yokha, ndipo CorelDRAW yakale imakana fayilo yosungidwa ndi yatsopano. EPS inali mfumu ya ntchitoyi m'zaka za m'ma 1990 ndipo osindikiza ena amaifunabe, koma m'mwezi wa Epulo 2017 Microsoft inatseka njira yoilowetsera mu Word ndi PowerPoint pa zifukwa za chitetezo. Musadabwe ikakana kutseguka mu ofesi mwanu.

Yopita nayo kwa wosindikiza ndi PDF. Inayamba m'chaka cha 1993, inakhala muyeso wa dziko lonse m'chaka cha 2008, ndipo palibe wosindikiza amene angalephere kuitsegula. Koma chenjerani, PDF ndi thumba chabe. M'kati mwake mungakhale mizere yeniyeni, mungakhalenso JPEG yovunda imene wina anangoiikamo. Chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere. Kuyesa kwake nkosavuta: tsegulani fayiloyo pa kompyuta nkuikulitsa kufika pa 800 peresenti kapena kupitirira. Ngati m'mphepete mwa zilembo muli mosalala ngati mpeni, ndi mizere. Ngati mwayamba kuoneka masitepe kapena utsi, ndi timadontho. Mayeso omwewa agwiritseni ntchito pa SVG ndi EPS, popeza nazonso zingathe kubisa chithunzi cha timadontho. Ndipo kusintha dzina la fayilo kuchoka pa .jpg kupita pa .pdf kapena .png sikusintha kanthu. Kuli ngati kulemba dzina la mbewu ina pa thumba lomwelo.

Utoto wa pa sikilini si utoto wa pa pepala

Sikilini imapanga mitundu posakaniza kuwala kofiira, kobiriwira ndi kwabuluu. Njira imeneyi imatchedwa RGB. Makina osindikizira amasakaniza inki zinayi, yabuluu wowala, yapinki wokhwima, yachikasu ndi yakuda. Imeneyi ndi CMYK. Kuwala kumatha kupanga mitundu ina imene inki zinayizi sizingaifikire, ndipo mwatsoka imene imavuta kwambiri ndi yobiriwira mowala ndi yalalanje, mitundu yeniyeni ya ife a zaulimi. PNG siisunga CMYK konse, chimene ndi chifukwa china chosaipititsira kwa osindikiza zinthu zambiri.

Nkhani ya mtundu walalanje si yamasewera. Chimanga cha lalanje chokhala ndi vitamini A chinatulutsidwa ku Zambia m'chaka cha 2012 ndipo chafalikira ku Zimbabwe ndi ku Malawi. Ntchito yaikulu ya alangizi yakhala kutsimikizira anthu kuti sichofanana ndi chimanga chachikasu chimene chinabwera ngati thandizo pa chilala cha 1992, chimene ambiri amachikumbukira ndi njala. Chizindikiro cha pulojekiti ya chimanga cha lalanje chikatuluka chachikasu pa kapepala, mlangizi amayamba ntchito yake ali kale ndi ngongole.

Njira yake ndi kulemba utoto uliwonse wa chizindikiro ndi manambala, osati ndi mawu. "Chobiriwira" cha inu si cha wosindikiza. Wojambula akupatseni manambala a RGB, a CMYK, ndiponso, ngati nkotheka, nambala ya Pantone, buku la mitundu ya inki limene osindikiza akhala akuligwiritsa ntchito kuyambira m'chaka cha 1963. Manambalawa alembeni m'kafayilo kamodzi kokhala pamodzi ndi chizindikiro.

Pa matumba oluka a pulasitiki, pa matisheti ndi pa zitenje, utoto uliwonse umadindidwa paokha ndi chidindo kapena sefa yake, ndipo utoto uliwonse woonjezera ndi ndalama zoonjezera. Apa wosindikiza amafuna mizere kuti alekanitse mitunduyo. Chizindikiro chokhala ndi dzuwa lozilala pang'onopang'ono kuchoka kufiira kupita kuchikasu chimakongola pa kompyuta, koma pa thumba la makilogalamu 50 chimatuluka ngati dothi. Mitundu iwiri kapena itatu yoima payokha ndi yokwanira. Osoka zizindikiro pa zipewa ali ndi mafayilo awoawo, monga DST, amene amauza makina njira ya singano. Kuwakonza ndi ntchito yapadera yolipiritsa, ndipo tizilembo ting'onoting'ono sititheka ndi ulusi.

Musaiwale chakuda chokhachokha. Timapepala tathu tambiri timafika kwa mlimi titadutsa m'makina a fotokope kawiri kapena katatu. Chofiira ndi chobiriwira zimene zimasiyana bwino pa sikilini zingathe kusanduka kutuwa kumodzi. Funsani wojambula akupangireni chizindikiro chakuda chokha, ndi choyera chokha choika pa nsalu yakuda. Chakudacho chichepetseni kufika masentimita 2, muchite fotokope, kenaka fotokope ya fotokopeyo. Chikapirira pamenepo, chidzapiriranso pa chidindo cha mu ofesi.

Zilembo zooloka malire

Ife ogwira ntchito m'maiko angapo tili ndi msampha wina. Fayilo ya mizere ingathe kusunga mawu ngati mawu, nkudalira kuti kompyuta yoitsegula ili ndi mtundu womwewo wa zilembo. Ikakhala ilibe, imasankha wina mwakachetechete, ndipo maonekedwe a dzina amasintha. Zoyamba kugwa ndi zilembo zokhala ndi tizizindikiro pamwamba kapena pansi: ŵ wa m'mawu akuti Malaŵi kwa amene amamulemba, ç wa Moçambique, ó wa Angónia. M'malo mwake mumatuluka kabokosi kapena funso. Choncho musanatumize, uzani wojambula asandutse zilembo zonse kukhala mizere. Mu CorelDRAW lamulo lake ndi Convert to Curves, mu Illustrator ndi Create Outlines. Zikasandulika sizingakonzedwenso ngati mawu, motero musunge kope lina losasandutsa.

Pa kapepala ka mabungwe ambiri, bungwe lililonse lipemphedwe fayilo yake. Musakopere pa intaneti, ndipo musakoke chizindikiro cha eni ake m'litali kapena m'lifupi kuti chikwane mpata. Chizindikiro cha boma chili ndi malamulo ake m'dziko lililonse, ndipo chilolezo cha ku Lilongwe sichigwira ntchito ku Tete.

Katumizidwe ndi kasungidwe

Mafayilo abwino ambiri amafera m'njira. WhatsApp ikalandira chinthu ngati chithunzi imachichepetsa nkuchisandutsa JPEG, kotero kuti PNG yanu yoonekera kumbuyo imafika ili m'kabokosi. Njira ya HD imene inaonjezedwa m'chaka cha 2023 imachepetsa kuonongekako koma siikuthetsa. Tumizani fayilo ngati Document, ndipo idzafika monga inachokera. Kuika chizindikiro m'kalata ya Word nkutumiza kalatayo nakonso si kutumiza chizindikiro, ndipo kujambula sikilini ndiko koipitsitsa.

Polemba wojambula ntchito, mgwirizano unene kuti malipiro omaliza adzaperekedwa mukalandira fayilo yoyambirira ya mizere, PDF ya osindikiza yokhala ndi zilembo zosandutsidwa, ma PNG oonekera kumbuyo, chakuda ndi choyera, ndi manambala a utoto. Zisungidwe malo awiri osiyana, ndipo amodzi akhale imelo ya bungwe, osati foni ya munthu amene mawa adzasamutsidwa. Amalonda a ku Mbare Musika amene katundu wawo anapsa ndi moto wa mu Okutobala 2024 angatiuze za kusunga zonse malo amodzi.

Pano pali mfundo imene ndimasiyana nayo ndi anzanga ena. Iwo amati fayilo ya mizere igawidwe kwa aliyense kuti vuto la zithunzi zachimbuuzi lithe. Pa chizindikiro cha pulojekiti ya kafukufuku sinditsutsa kwenikweni. Koma pa chizindikiro chimene chimatsimikizira mbewu, monga cha gulu lochulukitsa mbewu kapena lebulo ya oyendera minda, fayilo ya mizere ndiyo yeniyeni imene wopanga mapaketi onamizira akuifuna. Imeneyo ikhale ndi anthu awiri kapena atatu, ipite kwa wosindikiza wodziwika, ndipo ena onse alandire PNG yokwanira kalata basi.

Chojambula cha mdala wa ku Magaba tinachipereka kwa mtsikana wina wophunzira za makompyuta, mwana wa mmodzi wa amayi aja, amene anachilondola mu Inkscape masiku awiri. Ulendo uno tinapempha wosindikiza atulutse lebulo imodzi yokha poyamba. Tinaimata pa botolo, ndipo mayi wapampando analiika pa tebulo nabwerera m'mbuyo mapazi asanu, mtunda umene wogula amaima pa msika. Dzina linawerengeka ndipo makoko anaoneka kuti ndi mtedza. Anapezanso kuti tinaiwala kusiya mpata wolembapo tsiku lopera ndi tsiku lothera ntchito, ndipo tinaukonza madzulo omwewo asanayambe kusindikiza ena onse.